Mutu 6: Mzere wa Choko

1. Zosiya pakhomo

Pasukulupo panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse, ngakhale ahedi amene, ankangoti Mphezi. Dzinali analitola ku karati, kumene ankapita masiku atatu pa sabata kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, lamba wake anali wabulauni, ndipo anyamata ovuta a m'kalasi mwake ankamupatsa moni ataima patali.

Choncho aphunzitsi a zisudzo atafuna mtsikana woti amenyane ndi wakuba m'sewero lotsekera chaka, sanavutike n'kufufuza. Sewerolo linali la mtsikana amene wasiyidwa yekha m'sitolo ya bambo ake, wakuba n'kulowa, ndewu n'kubuka. Mphezi anavomera asanamalize n'kumufunsa komwe. Kwa iye imeneyi inali ntchito ya masana amodzi.

Wakubayo anali Mlongoti, mnyamata wamtali, woonda, wa nthabwala zosatha. Chibadwire anali asanamenyepo munthu. Luso lake linali kugwa. Ankatha kugwa chagada, chafufumimba, ngakhale kuchokera patebulo, n'kudzuka akuseka wopanda ndi bala lomwe.

Tsiku loyamba lokonzekera, aphunzitsi aja, amene ana ankangowatcha Amadamu, anatenga choko n'kulemba mizere iwiri pamatabwa a siteji. Anaimika Mphezi kuseri kwa mzere umodzi, Mlongoti kuseri kwa winawo. Kenako anauza Mphezi kuti atambasule dzanja lonse. Chibakera chake chinalekezera m'malere, patatsala chikhatho chathunthu kuti chifike pachibwano cha mnzakeyo.

Mphezi anaseka, n'kunena kuti akaima pamenepo ndiye sangamenye ngakhale ntchentche.

"Ndi zomwezo zimene ndikufuna," anatero Amadamu. "Tamvera bwino, chifukwa ine sindikonda kubwereza. Zimene unaphunzira kwa akochi ako a karati uzizisiya pakhomo paja pamodzi ndi nsapato. Kumene kuja anakuphunzitsa kubisa nkhonya kuti mnzako asaione ikubwera. Kuno uziionetsa. Ubweze dzanja m'mbuyo mpaka munthu wa pampando womaliza aone, ndipo woyamba kuona akhale Mlongoti. Kumene kuja umayang'ana pamene mnzako wasiya posatchinga. Kuno uziyang'ana m'maso mwake ndi kudikira. Akagwedeza mutu pang'ono, ndiye kuti wakonzeka. Akapanda kugwedeza, ngakhale holo yonse ikukuwa, dzanja lako lisanyamuke.

"Phokoso la nkhonya si lako. Azilipanga ndi iyeyu, podziwomba pachifuwa ndi dzanja limene anthu sakuliona. Iwe ntchito yako ndi kusadumpha mzere uwu. Ndipo chachikulu ndi ichi. Ku karati mnzako amadziwa kuti wabwera kudzamumenya, ndiye amatchinga, amalewa, amavala ndi choteteza mano chomwe. Mlongoti satchinga. Manja ake ali pansi, nkhope wakubweretsera yekha, chifukwa wakukhulupirira. Munthu wotero ukamumenya sunapambane ndewu ayi. Wangopweteka munthu amene amakuthandiza ntchito."

Anawonjezera lamulo lina. Chikalakwika china chilichonse, aliyense wa awiriwo akweze dzanja n'kunena kuti "Imani", ndipo sewero liime pomwepo, kaya muholo muli alendo olemekezeka kaya mulibe.

2. Kumenya mphepo

Ntchito ya masana amodzi ija inatenga masabata asanu. Thupi la Mphezi linali ndi nzeru zakezake. Akamaponya nkhonya, phazi lakumanzere linkangolowa lokha n'kuponda choko. Amadamu ankamenya rula patebulo, awiriwo n'kuyambiranso.

Ndewu yake inali yaifupi. Wakuba amukankha mtsikana, mtsikana aponya nkhonya imodzi, wakuba agwa chopereka msana kwa anthu. Akagwa aika manja onse awiri pamimba, ndipo mtsikana amuponda mateche atatu amene angokhudza manjawo pang'ono, wakubayo n'kumadzigwedeza ndi kubuula. Pa tsiku lenileni Mlongoti adzakhala ndi kajumbo kakang'ono ka madzi ofiira m'tsaya, koti adzakalume pogwa kuti anthu aone magazi.

Pofika sabata yachinayi zinayamba kuyenda. Mphezi anaphunzira kudikira, ndipo anadabwa kuti kuphonya munthu mwadala n'kovuta kuposa kumupeza. Mlongoti akadzuka pansi ankadzisasa fumbi n'kumukumbutsa kuti nkhope ali nayo imodzi yomweyo, yosinthira alibe.

Zinthu zinasokonekera tsiku limene achimwene ake a Mphezi anabwera kudzamutenga. Iwowa ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo ku karati anali ndi lamba wakuda. Ndi iwo amene anamutengera Mphezi kumeneko ali kamwana, ndipo mawu awo kwa iye anali ngati lamulo. Tsikulo anasuzumira pawindo la holo, anaona nkhonya ikudutsa patali ndi chibwano, anaona Mlongoti akudziwomba yekha pachifuwa, ndipo anaseka mpaka kugwira khoma.

Kunyumba sanamupatse mpata. Anaimirira pabalaza n'kumaponya manja m'mwamba ngati munthu wothamangitsa udzudzu, kenako n'kudzigwetsa pampando akulira mabodza.

"Zaka zisanu ndi ziwiri kwa akochi, mapeto ake kumenya mphepo," anatero. "Usadandaule, chemwali. Ndibwera ndi gulu lonse tidzaone gule wakoyu."

Mphezi anayesa kufotokoza za mzere ndi za kugwedeza mutu, koma pakamwa pake zinkamveka zachibwana. Anachita manyazi kwambiri, ndipo manyaziwo anagona nawo.

3. Mawu a akochi

Nkhaniyi inawapeza akochi, chifukwa achimwene aja anaibwereza pamaso pa gulu lonse. Akochi anali bambo wa imvi, wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono. Sanaseke. Anthu atamwazikana anamuitana Mphezi pafupi ndi thumba la mchenga limene ankaphunzirirapo nkhonya, n'kumuuza kuti akhale pansi.

"Mwanawe, phazi lako lakumanzerelo ndinaliphunzitsa ine kulowa, ndipo silipempha chilolezo kwa munthu. Nkhonya yako ndinaiphunzitsa kuti isaime pakhungu, izipitirira ngati ikufuna kutulukira kuseri. Zimenezi ndi zabwino pano, chifukwa pano aliyense amadziwa chimene wabwerera. Koma ukazitengera kumene mnzako waima manja ali pansi, ndiye kuti watenga mpeni wa kukhitchini kukaseweretsa ana.

"Usamvere aliyense wokuuza kuti zimene akukuphunzitsa amayi ajazo ndi karati yofooka. Si karati n'komwe. Ndi ntchito ina, ndipo ine sindingaithe. Pano timaphunzira kuti mnzako asadziwe chimene ukuganiza. Kumeneko mumaphunzira kuti mnzako adziwe zonse. Ukasakaniza ziwirizi, wina anyamulidwa.

"Ine ndinathyolapo nthiti ya mwana wa eni. Tinkaonetsa alendo mmene timachitira, mwanayo anaima phee monga ndinamuuzira, ndipo ine ndinafuna kuti anthu awombe m'manja kwambiri. Anawombadi. Mwanayo sanabwerenso pano, ndipo mpaka lero akandiona pamsewu amawolokera tsidya lina. Anali ndi zaka zako zomwezi. Ndiye achimwene akowo asiye aziseka. Tsiku limenelo iwo adzakhala pampando, woima pafupi ndi nkhope ya mnzako udzakhala iwe."

Mphezi anayankha mwaulemu kuti wamva. Anamvadi, koma makutu omwewo anali atamva kale kuseka kwa achimwene ake.

4. Phazi limodzi

Sewero linachitika masana a tsiku lotsekera. Holo inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo, ndipo munkatentha ngati m'uvuni. Makolo anakhala kutsogolo. Kumbuyo kwenikweni kunali achimwene aja ndi anyamata asanu ndi awiri a ku karati, atapinda manja pachifuwa. Akochi sanabwere.

Kuseri kwa chinsalu Mlongoti anaika kajumbo kofiira kaja m'tsaya, n'kumulonjeza Mphezi kuti lero agwa mpaka amayi ake alire. Amayi akewo, amene ankasoka zovala pamsika, anali atatanganidwa ndi ntchito ndipo analibe muholomo, koma iye sankadziwa.

Mizere ya choko inali pomwepo, ngakhale inali itafufutika pang'ono ndi mapazi a osewera ena. Amadamu anaima m'mbali mwa siteji atagwira chingwe cha chinsalu. Pamene anaimapo ankaona misana ndi mitu, mapazi sankawaona.

Nthawi ya ndewu inakwana. Wakuba analowa m'sitolo, anagwetsa zitini za pashelefu, n'kumukankha mtsikana. Mphezi anabwerera m'mbuyo monga anaphunzirira, n'kuima kuseri kwa mzere wake. Muholo munali zii.

Ndiye kumbuyo kuja kunamveka mawu a achimwene aja, amene Mphezi akanawazindikira ngakhale ali m'tulo.

"Tavinani, achemwali, tione!"

Gulu lija linaphulika ndi phwete. Ana a sukulu, amene amaseka chilichonse, anasekanso nawo.

Mphezi sanafune kumupweteka Mlongoti, zimenezo n'zoona. Ankangofuna kuti nkhonya idutse pafupi, pafupi kwambiri, ndiponso mwachangu, kuti a kumbuyowo atseke pakamwa. Koma ankadziwa lamulo, ndipo analiswa akudziwa. Anaponda choko n'kupitirira ndi phazi limodzi. Sanabweze dzanja m'mbuyo kuti lioneke. Sanayang'ane m'maso mwa mnzake, ndipo sanadikire mutu kugwedezeka. Nkhonya inachokera m'chiuno, yowongoka, yobisika, monga akochi anamuphunzitsira.

Mlongoti anali asanamalize mawu ake. Anali ataweramira kutsogolo, kukamwa kuli yasa, manja ali pansi.

Phokoso lake silinali lija la dzanja pachifuwa. Linali lalifupi, louma, ngati nthambi ikathyoka. Mutu wa Mlongoti unatembenukira kumanzere, miyendo yake inapindika, ndipo anagwa mmene anali asanagwerepo, wosadzigwira ndi dzanja, nkhope n'kumenyetsa pamatabwa. Magazi anatuluka m'kamwa n'kuyenderera.

Holo yonse inaimirira. Anthu anawomba m'manja, ena anaimba malikhweru, bambo wina kutsogolo anakuwa kuti ana awa ndi akatswiri. Magazi ankawayembekezera, chifukwa mphekesera ya kajumbo kofiira inali itafala sukulu yonse. Ngakhale Amadamu anamwetulira.

5. Mateche

Muholo monse munthu mmodzi yekha woima ndi amene ankadziwa zoona. Mphezi anamva fupa likugonja pansi pa zala zake. Dzanja lake linachita dzanzi mpaka m'chigongono, ndipo pachala chapakati panali bala la dzino.

Apa ndi pamene analakwa koposa, ndipo palibe chifukwa chomubisira. Akanakweza dzanja n'kunena mawu amodzi aja, nkhaniyi ikanakhala ya ngozi ndi kupepesa. Mlongoti sakanatha kunena yekha, chifukwa nsagwada yake inali italendewera mbali imodzi. Woti aimitse sewero anali Mphezi basi.

Koma kuimitsa kunali kuvomera pamaso pa anthu onsewo. Kumbuyo kuja gulu la karati linali litakwera pamabenchi likutchula dzina lake. Anachita mantha, ndipo m'mantha momwemo munalinso kukoma kwa kutamandidwa. Anadziuza kuti kwangotsala mateche atatu, chinsalu chitsekedwe, zina zikaonekera kuseri.

Anaponya theche loyamba pamene pankayenera kukhala manja a Mlongoti. Manjawo panalibe. Onse awiri anali atagwira kukamwa. Phazi linalowa m'nthiti, ndipo thupi lalitali lija linapindika pakati. Panamveka kulira kwachilendo, kotulukira m'mphuno, kwa munthu amene akulephera kutsegula pakamwa. Anthu anasangalala kwambiri ndi kulira kumeneko.

Anaponya lachiwiri. Anayesa kulibweza lili m'njira, koma mwendo wophunzira zaka zisanu ndi ziwiri subwezeka msanga. Linamupeza pamalo omwewo. Mlongoti anatsokomola, magazi n'kuwazikira pa sokosi yoyera ya Mphezi, ndipo pamatabwa panagubuduka kanthu koyera kamene kanakaima pafupi ndi phazi la Amadamu.

Amadamu anawerama n'kukatola. Linali dzino, ndi muzu wake womwe.

"Imani! Imani!"

Anathamangira pakati pa siteji n'kumukankha Mphezi pachifuwa mpaka anakagunda shelefu. Anthu ena anaseka, poganiza kuti nazonso ndi za m'sewero. Amadamu anagwada, anatembenuza Mlongoti pang'onopang'ono, ndipo a kutsogolo ataona nkhope ija kuseka kunatha. Tsaya linali litatupa kale, mano a m'munsi sanali pamzere umodzi, ndipo kajumbo kofiira kaja kanagwa kuchokera m'kamwa kali kosaboola n'komwe.

Mayi wina anaphimba maso a mwana wake. Ahedi anakuwa kuti wina abweretse galimoto. Mphezi anavula juzi yake n'kuiika pansi pa mutu wa Mlongoti, ndipo anthu amene anaona zimenezi anati ndi mtsikana wa mtima wabwino. Ponyamula anagwira nawo miyendo. Njira yonse mpaka pagalimoto, Mlongoti ankangomuyang'ana.

6. Kapepala

Madzulo ake achimwene aja analibe nthabwala. Anamutengera Mphezi kuseri kwa nyumba n'kumufunsa ngati pali amene anaona mapazi ake. Atamva kuti palibe, anamulangiza kuti azingonena kuti mnyamatayo anaterereka n'kugwera pa nkhonya. Anati akanena zina amuchotsa sukulu, akochi amulanda lamba, mwinanso nkhani ifika kupolisi. Za mawu amene iwo anakuwa muholo sanatchule.

Mawa lake masana Mphezi anapita kuchipatala ndi Amadamu. M'njira Amadamu ankadziimba mlandu okha. Ankati akanalembanso mizere ija sewero lisanayambe, akanasesa pamatabwa, akanaima mbali inayo. Anali asanagone, ndipo maso awo anali ofiira. Mphezi anangoyenda pambali pawo.

Mlongoti anali pabedi lachitatu kuchokera pakhomo. Nsagwada inathyoka pawiri ndipo madokotala anaimanga ndi mawaya. Mano awiri anachoka, nthiti imodzi inasweka. Anamwino anati kwa masabata asanu ndi limodzi azingomwa zamadzimadzi kudzera m'kapaipi, ndipo asayese kulankhula. Mnyamata amene sankatha mphindi osanena nthabwala anangoti ndwii, mutu utakulungidwa mabandeji.

Pambali pa bedi panali amayi ake, atavala diresi la kuntchito lomwe linali ndi ulusi m'mapewa. Amadamu atawauza kuti mtsikanayu ndi amene ankasewera naye, mayiwo anaimirira n'kumugwira Mphezi manja onse awiri.

"Ndiwe amene unamuyalira juzi? Andiuza, mwanangu. Usalire, akuti anaterereka, zangozi zimachitika. Uyu ndimamudziwa ine, miyendo yakeyi sakhala nayo bwino, kunyumba amagwetsa chilichonse. Ndamuuza kangati kuti zogwaigwazi zidzamupweteka tsiku lina, koma samva. Iwe usadzidandaulitse. Uzibwera kudzamuona, akamaona anzake achira msanga."

Anamukhazika pampando wawo, n'kuona bala la pachala chake, n'kumufunsa ngati wapakapo mankhwala. Mphezi akanakonda mayiwo akanamutukwana.

Mlongoti anagogoda chitsulo cha bedi ndi chala. Analoza kope ndi cholembera zimene anamwino anamusiyira pakatebulo. Amayi ake anamupatsa. Analemba pang'onopang'ono, chifukwa kupuma kulikonse kunkamupweteka m'nthiti, kenako anang'amba pepalalo n'kuwapatsira.

Mayiwo analiyandikitsa kumaso, analitalikitsa, n'kupukusa mutu. Magalasi anali atawaiwala pamakina osokera pothamangira kuchipatala. Amadamu anali atatuluka kukalankhula ndi adokotala.

"Tandiwerengera, mwanangu," anatero, n'kumupatsa Mphezi pepalalo. "Mwina akufuna madzi."

Zilembo zinali zazikulu, zokhotakhota, koma zowerengeka bwino. Panalembedwa kuti: *Sindinaterereke. Anadziwa kuti wandipweteka, ndipo anabwerezanso kawiri.*

Mphezi anawerenga chamumtima. Anakweza maso. Mlongoti ankamuyang'ana osaphethira, ndipo panja pa chitseko pankamveka nsapato za Amadamu zikubwerera.

"Walemba chiyani?" anafunsa mayiwo.